Mphamvu zokha sizilembanso munthu ntchito: zomwe zinayankhulidwa pa bwalo kufupi ndi Lizulu

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Inu anyamata muli kumbuyoko sendererani kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Nonse mwamva za ana athu abwera kuchokera ku Kanengo mwezi wathawu ntchito itawathera. Ena mukuti anaba, ena mukuti anawalodza kunoko. Ayi ndithu, musadanitse mabanja. Pafakitale pomwe ankagwirapo pabwera makina oyendera kompyuta. Kale thumba limodzi la ufa limadyetsa anthu angapo: wothira, woyeza pa sikelo, wosoka, wosenza, ndi kalaliki wolemba m'buku. Lero thumba likakwana makilogalamu 50 ufa umaleka wokha kutsika, lamba n'kulitenga, makina n'kusoka, n'kudindapo nambala ndi tsiku. Pamzere wonsewo paima munthu mmodzi kapena awiri, maso ali pa sikirini. Getsi lofiira likayaka, awerenge chavuta n'chiyani, akonze. Wotsala pantchito ndi ameneyo. Mphamvu zokha sizilembanso munthu ntchito.

Ngakhale pageti zasintha. Kale mnzako ukachedwa amakusayinira, lero umadinda chala pa kamakina, kamalemba kuti walowa 7:20. Udandaulira ndani? Kapitawo uja mumamugulira fanta alibenso chonena.

Koma ife kuno tikutani? Mwana wafika Fomu 2, waona anzake akusenza matumba a kachewere ndi kabichi pamsika pano, madzulo ali ndi kandalama m'thumba, basi sukulu yathera pomwepo. Makolonu n'kumati wakula, akutithandiza. Foni yabwino ali nayo, koma ntchito yake ndi kubetcha mpira. Mayi, musaseke, ndikunena wanu yemwe. Mphamvu zokha sizilembanso munthu ntchito.

(Agogo ena anaimirira: "Ife tinapita ku Theba osadziwa n'kulemba dzina komwe, tinamanga za malata. Nanga ndi magetsi ozimazimawa, makina anuwo ayenda bwanji?")

Mwafunsa bwino agogo, khalani pansi ndikuyankheni. Nthawi yanu amakuyezani pachifuwa, kukukwezani pa sikelo, mukakhala ojintcha ulendo wa ku Theba, ku migodi ya ku Joni. Koma njira ija ili kuti lero? Mu 1974 a Kamuzu anailetsa, ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha a Malawi oposa 70. Inadzatsegukanso, koma pofika 1988 inatheratu. Adzukulu anu akupita ku Joni masiku ano akukapeza mafoloko-lifiti ndi makina owerenga mabakodi m'mawerahausi, ndiye ambiri akungothera pa maganyu.

Za magetsi mukunena zoona. Mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira dziko linakhala mumdima nthawi yaitali. Kodi eni mafakitale anataya makina n'kuitananso osenza? Ayi, analiza majenereta, ena anaika sola. Ndiye jenereta ija, sola ija, akufunika munthu woidziwa. Sindikunamizani agogo, ntchito zatsopanozi n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zikutha pamzere uja, ndipo izi zimandipweteka. Chondipweteka kwambiri n'chakuti makina akafa, nthawi zina amachita kuitanitsa katswiri kunja kwa dziko, kumulipirira ndege ndi hotela, ana athu ali pano akutchova bawo.

Ndaona amayi mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire.

Mwana amalize Fomu 4, alimbikire masamu, sayansi ndi Chingerezi, chifukwa sikirini ija siyankhula Chichewa. Atsikana omwe, kudina batani sikufuna minofu. A TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, akalengeza malo, lembani: kuli Lilongwe Technical, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, ndi makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015. Sankhani za magetsi, zowotcherera, zokonza makina. Inu muli kale pantchito, makina atsopano akabwera musawathawe, pemphani akuphunzitseni. Inu achotsedwanu, lamulo la ntchito la 2000 limati wochotsedwa motere alandire ndalama molingana ndi zaka zomwe wagwira, ndiye tengani makalata anu mupite ku ofesi ya leba pa boma. Wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pafoni ndikupezereni malo pafakitale, ndi wakuba, dulani foniyo. Ndabwerezanso, mphamvu zokha sizilembanso munthu ntchito.

Amene muli ndi ana olemba mayeso a Fomu 4 chaka chino mutsale pang'ono, ndilembe mayina. A mfumu, ndabweza kwa inu.