Muvi wa pa ball valve uziloza kuti?

[Pazenera: valavu yodulidwa pakati]

Tayang'anani mkatimu. Mpira wachitsulo uwu ndi woboola pakati, ndipo wapanidwa ndi mphete ziwiri za PTFE (mtundu wa pulasitiki woterera), ina uku ina uku. Chogwirira chikagona motsata payipi ndiye kuti yatseguka. Mukachipotoza madigiri 90, yatsekeka.

Valavu zambiri za mtundu wa floating, zimene mpira wake umatha kusuntha pang'ono pakati pa mphetezo, zilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Mukatseka, pulesha imakankhira mpira pa mphete ya tsidya linalo, basi njira yatsekeka. Madzi achokere kumanja kaya kumanzere, zilibe kanthu.

Koma mukaona muvi pathupi pake, taimani kaye.

[Kamera iyandikira kabowo ka pa mpira]

Kabowo aka sikolakwika ayi, anakaboola dala. Valavu ikatsekedwa, zamadzi zina zimatsekeredwa mkati mwa mpira. Tsono ngati ndi LNG, gasi wachilengedwe woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi, amene amasungidwa pa madigiri Celsius 162 pansi pa ziro, akangofunda n'kusanduka gasi amafufuma kuwirikiza pafupifupi ka 600. Kabowoka ndiye pothawira pake, ndipo kayenera kuyang'ana kumene kuli pulesha. Mukaika valavu mobwerera, pulesha imachotsa mpira pa mphete yoyamba, zamadzi n'kulowa mkati, n'kutulukira pa kabowo komweko kupita kutsidya. Chogwirira chikuti yatsekeka, koma ikudutsitsabe.

Apa mpamene ambiri amasokonekera. Opanga ena muvi wawo umasonyeza kumene madzi akulowera, ena amalemba mbali imene kuyenera kukhala pulesha valavu itatsekedwa. Ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Tengani mapampu awiri othira m'payipi imodzi. Mwazimitsa imodzi kuti muikonze, mwatseka valavu yakutsogolo kwake. Pulesha tsopano ikuchokera kupayipi, kwa pampu inzake ija. Choncho musanamange bawuti ngakhale imodzi, werengani pepala la opanga ndipo dzifunseni: ndikatseka, pulesha itsala mbali iti?

[Pazenera: valavu pa payipi yogona]

Tsinde lopotozera mpira liziloza kumwamba. Cham'mbali n'kotheka, koma chozondotsa ayi: mchenga ndi dzimbiri zimadikha pa packing, chotchinga chozungulira tsindelo choletsa kudontha, n'kuyamba kudontha. Valavu za zamadzi zozizira kwambiri, zija za khosi lalitali, zisapendekeke kupitirira madigiri 45 kuchoka pa kuima chilili, apo ayi kuzizira kumafika pa packing n'kuiumitsa gwa.

Pa payipi yoimirira onetsetsani chogwirira. Payipi ikamanjenjemera, kulemera kwake kokha kungachigwetse, ndiye chisamagwere kotsegula.

Powotcherera valavu ya zidutswa zitatu, chotsani kaye chapakaticho, chifukwa PTFE imayamba kufooka kutentha kukadutsa madigiri Celsius pafupifupi 200. Mabawuti a flange, mkombero wolumikizira valavu ndi payipi, muziwamanga modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono mpaka kuzungulira katatu. Potsuka payipi koyamba, valavu ikhale yotsegula mpaka kumapeto. Mukaisiya theka, tizitsulo totsala powotcherera timakanda mphete zija.