Chimbale chimene owunika ena anachinyoza koma omvera nachikonda

Zikomo amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndikuona ena mwabwera ndi magitala, choncho nkhani ya leroyi ndi yanu kwenikweni. Mwandipempha kuti ndilankhule za mmene anthu amalandirira nyimbo zatsopano. M'malo moyendayenda, nditenga chimbale chimodzi, tichiunike bwinobwino.

Mu 2007, mumzinda wa London ku England, anyamata anayi anayambitsa gulu loimba lotchedwa Mumford & Sons. Mayina awo ndi Marcus Mumford, Ben Lovett, Winston Marshall ndi Ted Dwane. Musanyengedwe ndi dzinalo, panalibe bambo ndi ana ake pamenepo. Analisankha kuti limveke ngati chikwangwani cha sitolo yakalekale ya banja limodzi. Dzinali mulikumbukire, tibwererakonso. Mu Okutobala 2009 anatulutsa chimbale chawo choyamba, Sigh No More, ndipo ku America chinatuluka mu Febuluwale 2010. Amene anatsogolera ntchito yojambula anali Markus Dravs, yemwe anali atagwirapo ntchito ndi gulu la ku Canada la Arcade Fire.

Zida zawo sizinali zimene achinyamata a ku London ankazolowera kumva pa wailesi nthawi imeneyo. Marshall ankaimba banjo. Dwane anali ndi besi yaikulu ija yoimika pansi, yotalika ngati munthu. Lovett anali pa kiyibodi. Marcus ankaimba mawu atakolekera gitala, kwinaku phazi likuponda ng'oma: du! du! du! Nyimbo zambiri zimayamba mwakachetechete ngati munthu akunong'ona, kenako banjo ija iyamba kuthamanga, mawu a anthu anayi aphatikizana, mpaka zonse zimaphulika pamodzi.

Tiyambe ndi owunika, anthu amene ntchito yawo ndi kumvera chimbale n'kulemba maganizo awo m'nyuzipepala ndi m'magazini. Ena ku Britain anachiyamikira ndithu, tisawaiwale. Koma ndemanga imene imakumbukirika mpaka pano ndi ya Pitchfork, tsamba la pa intaneti la nkhani za nyimbo la ku America limene pa nthawiyo linkatha kukweza kapena kugwetsa gulu latsopano. Iwo amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Chimbalechi anachipatsa 2.1. Mwana atabwera ndi malikisi amenewo kuchokera kusukulu, mukudziwa zimene zimachitika pakhomo.

Madandaulo anali awiri, ndipo tiwasiyanitse chifukwa sakulemera mofanana.

Loyamba linali la kapangidwe ka nyimbo. Owunika ankati ukamva nyimbo zitatu, wamva chimbale chonse, chifukwa iliyonse imayenda njira yomweyo ya kunong'ona kenako kuphulika. Pa ichi ine ndimagwirizana nawo pang'ono. Mukachimvera chonse pa nthawi imodzi, kufika pakati mumakhala mukudziwa kale pamene banjo ilowere.

Lachiwiri ndi limene linautsa mkangano, ndipo silinali la nyimbo konse, linali la oimbawo. Anyamatawa ankavala ngati alimi akale, mawesikoti ndi nsapato za kumunda, namaimba zida za anthu osauka a kumapiri a ku America. Koma sanakulire kumunda. Mumford ndi Lovett anakumana ku King's College School ku Wimbledon, sukulu yolipira ndalama zambiri, ndipo Marshall anaphunzira ku St Paul's, inanso ya anthu opeza bwino. Ndiye onyoza ankati zonsezi n'zovala chabe, ngakhale dzina lija la sitolo ya banja n'longopeka. Ife tikanati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tamverani zimene omvera anachita. Ku Australia kuli wailesi yotchedwa Triple J, imene chaka chilichonse imapempha omvera kuti avotere nyimbo 100 zimene azikonda kwambiri. Pa mavoti a nyimbo za 2009, yoyamba inali Little Lion Man ya m'chimbale chomwechi. Palibe wowunika anasankha, anali anthu wamba. Ndipo nyimboyo ili ndi mawu otukwana pa kolasi penipeni, moti mawailesi ambiri ankachita kuwadula. Amayi musadandaule, lero sitiika imeneyo.

Chimbalechi sichinakwere tsiku limodzi. Chinakwera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, pamene gululi linkayenda m'maholo ndi m'zikondwerero za nyimbo. Amene waonera ankakauza mnzake. Mu 2010 chinalowa pa mndandanda wa zimbale zopikisana pa mphotho ya Mercury, ngakhale inapita kwa gulu la The xx. Mu Febuluwale 2011 zinthu ziwiri zinachitika motsatizana. Anaimba pa mwambo wa mphotho za nyimbo za Grammy ku Los Angeles limodzi ndi woimba wotchuka Bob Dylan, chimbale n'kukwera kufika pa nambala 2 ku America, patatha chaka chathunthu chitulukireni kumeneko. Patangopita masiku ochepa, ku London, chinapata mphotho ya BRIT monga chimbale chopambana cha ku Britain. Makope oposa 1 miliyoni anagulidwa ku Britain, ndipo ku America nambalayo anaidutsanso.

Nanga zinatheka bwanji kuti chimbale chimodzi chipatsidwe 2.1 kuno n'kupata mphotho uko? Kodi wina ananama? Ine ndikuona kuti ayi. Anthuwa ankamvera m'malo osiyana. Wowunika amakhala yekha m'chipinda, atavala mahedifoni, atamvera kale zimbale mazana chaka chimenecho. Akamva banjo amakumbukira onse amene anaiimbapo, n'kufunsa kuti chatsopano apa n'chiyani. Womvera ali m'bwalo pakati pa anthu zikwi, mapazi onse akuponda pamodzi ndi ng'oma ija. Njira yobwerezabwereza imene inatopetsa wowunika ndi yomwe imathandiza khamu, chifukwa aliyense akudziwa pamene akweze mawu. Inu a kwaya mukudziwa zimenezi kuposa ine. Kolasi imene mpingo wonse umalowapo si yovuta ija, ndi imene munthu amaigwira akangoimva kawiri. Ndipo sizodabwitsa kuti nyimbo zawo zimamveka ngati za m'chitsitsimutso: makolo a Marcus ankatsogolera mipingo ya Vineyard ku Britain, ndipo mawu a chisomo, kulapa ndi kukhululuka ali ponseponse m'chimbalemo.

Pa dandaulo lachiwiri lija ndiye ndimatsutsana ndi owunika. Kufunsa kuti ndani ali ndi ufulu woimba banjo n'kulowa m'nkhalango. Banjo sinabadwire kumapiri a azungu a ku America. Inachokera ku zida za zingwe za kumadzulo kwa Africa, ndipo anayamba kuipanga ndi akapolo amene anatengedwa kupita ku zilumba za Caribbean ndi ku America. Kenako inazungulira dziko mpaka kufika kuno, kumene anyamata amaipanga ndi chigubu ndi mawaya. Ndiye mwini wake ndani? Mukanena kuti nyimbo ndi yosakoma, tikhoza kukhala pansi n'kumvera limodzi, n'kutsutsana. Koma mukati ndi yosakoma chifukwa woimbayo anaphunzira sukulu yodula, pamenepo mwasiya kuweruza nyimbo, mukuweruza makolo ake.

Komabe sindikufuna kuti inu achinyamata muchoke pano mukuti owunika ndi anthu a nsanje basi. Dandaulo loyamba lija linali ndi mutu. Chimbale chawo chachiwiri, Babel, cha 2012, chinayenda njira yomweyo, n'kupata Grammy ya chimbale chopambana mu 2013. Magulu ambiri anayamba kutengera kaimbidweko mpaka anthu anakhuta nako. Pofika 2015, pa chimbale chachitatu, Wilder Mind, eni ake anaika banjo pambali n'kutenga magitala amagetsi. Ena mwa omvera akale anakhumudwa kuti banjo yawo yapita kuti, ndipo owunika ambiri sanasangalalebe. Kuwasangalatsa onse kunakanika.

Chinthu chimodzi chimene mwina ena simukuchidziwa: mu 2016 gululi linajambula nyimbo zingapo ku South Africa, n'kuzitulutsa pa kachimbale kotchedwa Johannesburg. Anaimba limodzi ndi Baaba Maal wa ku Senegal, gulu la Beatenberg la ku Cape Town, ndi The Very Best, gulu limene woimba wake ndi Esau Mwamwaya wa kuno ku Malawi. Choncho mawu a m'bale wathu ali pa chimbale chimodzi ndi anyamata aja a 2.1.

Tsopano tichite chonchi. Achimwene amene muli pafupi ndi sipikayo, mutiikire nyimbo imodzi ya m'chimbale choyambacho. Aliyense aganize malikisi ake mumtima, kuyambira 0 mpaka 10, osauza mnzake. Ikatha tiimverenso kachiwiri titaimirira, tikuwomba m'manja, kenako ndifunsa amene malikisi ake asintha. Agogo, inunso muvota.