Mawu Aatali a Chingerezi: Siyani Kutchula Chilembo Chilichonse!

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tikulimbana ndi mawu aatali a Chingerezi, aja amakuumitsani pakamwa aphunzitsi akati imirirani muwerenge.

Choyamba, mwachangu: duladulani. Unbelievable ndi un, believe, able. Tsinde lili pakati, zinazo angophatikiza. Ifetu timachita zomwezi tsiku ndi tsiku. Tengani liwu lakuti sindidzakuuzaninso: ndi limodzi, koma ndani amaliopa?

Chachiwiri, kutsindika. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Chingerezi sichikhazikika malo amodzi: PHOtograph, phoTOgraphy, photoGRAphic. Koma mukaona tion kumapeto, tsindikani phatikizo lomwe mwangodutsa musanafike pa tion: eduCAtion, inforMAtion. Basi.

Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Mwadina? Tiyeni.

Chachitatu ndiye chandikhalitsa pano. Ambiri tinakula tikumva kuti wodziwa Chingerezi amatchula chilembo chilichonse chimene chalembedwa. Bodza limenelo, abale, ndipo limandiwawa!

Tengani vegetable. Ambiri timati ve-je-te-bo, maphatikizo anayi. Eni ake amati VEJ-ta-bul, atatu okha. Comfortable ndi KAMF-ta-bul. Wednesday ndi WENZ-dei, awiri. Nanga d uja? Ndi wotsalira wa dzina la Woden, mulungu wa makolo a Angerezi. Amalembedwa, koma satuluka pakamwa.

Chifukwa chake n'chakuti lembo la liwu lomwe silinatsindikidwe limafooka, mwinanso kuzimiririka. Komanso William Caxton atayamba kusindikiza mabuku ku Westminster, ku London, mu 1476, kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene katchulidwe kanapitiriza kusintha. Zomwe zili papepala ndi za makedzana.

Ife lilime lathu limachita zosiyana. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake school anasanduka sukulu, store nkukhala sitolo. Timawonjezera pomwe iwo amameza. Palibe cholakwika m'Chichewa, koma mukalowa m'Chingerezi muyenera kuphunzira kumeza.

Yesani pompano. Ikani dzanja pansi pa chibwano, munene chocolate. Chibwano chatsika kangati? Ngati ndi kanayi, bwezani vidiyoyi pang'ono mumvetserenso. Ku London chimatsika kawiri: CHOK-lit.

Chachinayi, mtanthauziramawu wabwino amaika kachizindikiro pa phatikizo lotsindikidwa. Muziyang'ana.

Sabata ya mawa tidula antidisestablishmentarianism, zilembo 28. Tumizirani vidiyoyi mnzanu amene akukonzekera mayeso a MSCE.