Ndalama za nyumba, madzi ndi suweji mu Harare zimachokera kuti?

Zikomo a wapampando. Agogo athu amene mwakhala kutsogoloku, amayi, abambo ndi achinyamata amene mwaima kumbuyoko, ndakuonani nonse. Ena mwachokera ku Mufakose, ena ku Mabvuku ndi ku Tafara, ena ku Dzivarasekwa, ena ndinu a kuno ku Mbare. Ndiyankhula m'Chichewa, koma mayina a mapepala ndiwatchula monga amalembedwera ku ofesi, kuti mukakawaona musadabwe.

A komiti ya beriyo, gulu lathu lothandizana pa maliro, anafunsa kuti, kodi khonsolo imatenga kuti ndalama za nyumba za anthu opeza zochepa, nanga bwanji munthu amachita kumera imvi dzina lake likadali pa mndandanda wodikira? Tiyambire apa. Pa nyumba ya m'tauni chodula kwambiri si njerwa ayi. Njerwa munthu amagula mwapang'onopang'ono, chaka chino chipinda chimodzi, chaka chamawa china. Chodula chili pansi pa nthaka: paipi ya madzi, paipi ya suweji, ngalande ya madzi a mvula ndi msewu. Zimenezi banja limodzi silingachite palokha. Simungakumbe suweji ya nyumba yanu n'kuisiyira pa geti. Iyenera kuyenda mpaka ikalowe m'paipi yaikulu yopita ku malo oyeretsera suweji a ku Firle kapena ku Crowborough, ndipo wina ayenera kulipira ntchito yonseyo anthu asanalowe m'nyumba. Winayo ndani? Nkhani yathu yagona pamenepo.

Nthawi imene makolo athu ankabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata, yankho linali kwa mabwana ndi ku mowa. Lamulo la 1946 linkakakamiza olemba ntchito kulipirira malo ogona a antchito awo. Mahositelo ngati Matapi, Nenyere ndi Shawasha anamangidwira amuna okhaokha, ndiye mukaona lero mabanja awiri kapena atatu akugawana chipinda ndi nsalu yotchinga, chimbudzi chimodzi cha anthu osawerengeka, dziwani kuti mapaipi ake sanayesedwere khamu limenelo. Mowa nawo, khonsolo ndiyo inali ndi mabawa a m'malokeshoni, ndipo phindu la masese linkathandiza kumanga maholo, mabwalo a mpira ndi zipatala zazing'ono. Kunena mosabisa, munthu wakuda ankadzimangira yekha holo ndi chikho chake.

Dziko litalandira ufulu mu 1980 kunabwera ngongole zakunja za zaka zambiri. Kuwadzana inathandizidwa ndi ndalama za USAID, Budiriro ndi za World Bank. Kayendetsedwe kake kanali kotere: khonsolo ikongola ndalama, iika mapaipi ndi misewu, igulitsa sitandi, kapena kuti malo omangapo nyumba, yokonzeka kale, kenako mabungwe obwereketsa ndalama za nyumba monga CABS, Beverley ndi Founders apatsa wogulayo ngongole yobweza mwezi ndi mwezi. Ndalama zikabwerera, zikakonzera malo ena. Gudumu limeneli linaima cha m'ma 2000 dziko litalephera kubweza ngongole zakunja, ndipo kukwera kwa mitengo kwa 2008 kunapukuta zonse zimene zinatsala m'mabuku. Palibe amene angakubwerekeni ndalama za zaka 20 asakudziwa kuti chaka chamawa tidzakhala tikugwiritsa ntchito ndalama yanji. Kuyambira 2009 taona dola ya ku America, bondi, RTGS, ndipo kuchokera mu Epulo 2024 tili ndi ZiG.

Pali mawere ena awiri amene khonsolo inalandidwa. Magetsi, omwe kale mzinda unkagulitsa wokha, anapita ku ZESA, bungwe la boma la magetsi, m'zaka za m'ma 1980. Ndalama za malaisensi a galimoto zinapita ku ZINARA, bungwe la boma loona za misewu, ndipo khonsolo imangolandirako gawo lokonzera misewu.

Ndiye chatsala n'chiyani? Chachikulu ndi bilu imene imabwera kunyumba kwanu. Mukaiyang'ana bwino siili ndi chinthu chimodzi. Muli msonkho wa malo, womwe timati mareti, muli madzi, muli suweji, muli zinyalala, ndipo amene muli m'nyumba za khonsolo muli lendi. Kunja kwa bilu, khonsolo imatolera za malaisensi a mashopu, za misika monga Mbare Musika, za koimika magalimoto m'tauni, za kuvomereza mapulani a nyumba ndi za kugulitsa malo. Kuchokera ku boma kumayenera kubwera gawo lina: ndime 301 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 imati ndalama zosachepera 5 pa 100 zilizonse zimene boma latolera pa chaka zipite ku zigawo ndi ku makhonsolo. Pa pepala zili bwino. Kubwera kwake n'kochedwa ndiponso koperewera, ndipo ikamafika mitengo imakhala itathawa kale.

Tsono wosauka amathandizidwa bwanji pamenepa? Njira yake ndi yakuti wolemera asenzeko katundu wa wosauka. Nyumba ya ku Borrowdale ndi shopu ya pakati pa tauni zimalipira mareti okwera kuposa nyumba ya ku Mufakose. Madzi amalipiritsidwa mwa masitepe: oyambirira, okwanira kuphika ndi kusamba, amakhala otsika mtengo, ndipo mukapitirira mtengo umakwera. Apa pali msampha kwa eni nyumba amene muli ndi maloja, anthu ochita lendi zipinda. Mabanja asanu pa mita imodzi amakwera msanga kufika pa sitepe yodula, ngakhale banja lililonse likugwiritsa ntchito madzi ochepa. Zipatala za khonsolo, kuphatikizapo Wilkins ndi Beatrice Road, sizingadzilipirire zokha ndi ndalama za odwala, kotero zimadalira mareti omwewo.

Zinthu zimasokonekera pawiri. Koyamba ndi pa kulipira. Mu Julaye 2013, zisankho zitayandikira, nduna ya maboma aang'ono Ignatius Chombo inalamula makhonsolo kufufuta ngongole za anthu kuyambira Febuluwale 2009 mpaka Juni 2013. Ambiri anasangalala, ndipo sindikuwanena. Koma amene ankalipira mokhulupirika anadziona ngati opusa, ndipo kuyambira pamenepo anthu ena amangodikira kuti mwina afufutanso. Nayonso khonsolo ili ndi mlandu wake: mabilu ongoyerekeza mita isanawerengedwe, ndi kulipiritsa madzi kumalo kumene mpopi wauma kwa miyezi. Munthu akati sindilipira chifukwa madzi kulibe, khonsolo ikuti madzi kulibe chifukwa simulipira. Pamene akukanganawo, ku Morton Jaffray, kumene amayeretsera madzi a mzindawu, kukufunika mankhwala ambiri oyeretsera madzi a m'nyanja ya Chivero, omwe ndi akuda chifukwa suweji ya mzinda womwewu imathera momwemo. Mtengo wa mkanganowu tinauona mu 2008 ndi 2009, kolera itapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro ndi Glen View zili pakati pa malo okhudzidwa kwambiri. Inabweranso kumalo omwewo mu 2018.

Kwachiwiri ndi pa ndalama za malo. Khonsolo ikagulitsa malo, ndalamazo zimayenera kusungidwa m'thumba lapadera kuti zikakonzere malo ena. Zikangolowa mu mphika wa malipiro a antchito ndiye kuti tadya mbewu. Unduna wa maboma aang'ono umalangiza kuti pa ndalama 100 zilizonse, 70 zipite ku ntchito zothandiza anthu, 30 ku malipiro. Mukapita ku msonkhano wa bajeti, funso loyamba likhale limeneli.

Khonsolo italephera kuika mapaipi, katundu anagwera anthu eni ake kudzera m'makoparetivu. Anthu analoledwa kulowa pa malo n'kumamanga kwinaku akusonkha za misewu ndi suweji. Ena zinawayendera. Koma khomo lomweli ndi limene analowera akuba malo, amene amagulitsa malo a boma, madambo ndi malo a sukulu. Komiti yofufuza ya Justice Tendai Uchena, yomwe inapereka lipoti lake mu 2019, inapeza kuti malo ambiri a boma ozungulira matauni anagulitsidwa mwachinyengo. Ndondomeko ya boma ya zokhalamo anthu yomwe inakhazikitsidwa mu 2021 tsopano ikuti anthu asamalowe pa malo mapaipi asanaikidwe, ndiponso kuti magawo 40 pa 100 a malo atsopano akhale a mafulati, chifukwa paipi imodzi ikatumikira mabanja ambiri mtengo wa banja lililonse umatsika.

Ndiye musanatulutse ngakhale dola imodzi, dziwani ndondomeko ya sitandi yoona. Pamakhala mapu a malo onse ovomerezedwa, omwe amati layout plan, okhala ndi nambala ndi chidindo. Wopima malo amakhoma zikhomo ndipo mapepala ake amapita kwa Surveyor General. Mainjiniya a khonsolo amavomereza mapulani a madzi, suweji ndi misewu. Ntchito ikatha, khonsolo imapereka certificate of compliance, kalata yotsimikizira kuti ntchitoyo yachitika motsatira mapulani. Inu mumalandira kalata yokupatsani malo ndi pangano logulitsana lolembedwa dzina lanu ndi nambala ya sitandi, osati dzina la wapampando wa koparetivu. Pulani ya nyumba iyenera kuvomerezedwa, ndipo woyendera amabwera pa maziko, pa silabu ndi pa denga. Wogulitsa akakuuzani kuti mapepala akubwera, ingomangani kaye kanyumba ka matabwa, tengani nambala ya sitandiyo mupite nayo ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu kapena ku dipatimenti ya nyumba pa Remembrance Drive kuno ku Mbare, mukafunse nokha. Ndalama muzilipira ku banki, mu akaunti ya dzina la koparetivu, ndipo malisiti muzisunga m'pulasitiki.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Bambo akufunsa ngati khonsolo ingagwetse nyumba popanda chenjezo. Ndime 74 ya malamulo aakulu imaletsa kuthamangitsa munthu kapena kugwetsa nyumba yake popanda chilolezo cha khoti. Koma ndimeyi sisandutsa sitandi ya padambo kukhala yovomerezeka. Imangokupatsani mwayi woti mumvedwe. Ndipo kwa ife nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa anzathu. Mu 2005, pa Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, nthumwi ya United Nations Anna Tibaijuka inayerekeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito. Anthu ankauzidwa kuti bwererani kumudzi. Nanga mdzukulu wa mtchona wobadwira ku Highfield, kumudzi kwake n'kuti?

Njira imene ndikuona kuti ndi yofunika kuiphunzira ndi ya ku Dzivarasekwa Extension. Kuyambira 2010 khonsolo inagwirizana ndi Zimbabwe Homeless People's Federation ndi Dialogue on Shelter, ndi thandizo la Bill & Melinda Gates Foundation. Khonsolo inapereka malo ndi mainjiniya. Anthu, makamaka amayi, anadziwerenga okha nyumba ndi nyumba, anasunga ndalama tsiku ndi tsiku m'magulu, ndipo ngalande za mapaipi anakumba ndi manja awo. Anayamba ndi mijigo ndi zimbudzi zosafuna madzi podikira suweji. Thumba lawo, Gungano, limabwereketsa ndalama zochepa kwa gulu, gulu likabweza ena n'kubwerekanso. Tiyerekeze: mabanja 200 akamasunga dola imodzi pa tsiku, pa chaka ndi madola 73,000. Ndalama imeneyi singamange paipi yaikulu yopita ku Crowborough, imeneyo ndi ntchito ya khonsolo ndi boma. Koma imagula mapaipi ang'onoang'ono a m'mizere ya nyumba, ndipo gulu lofika ku Town House, likulu la khonsolo, ndi buku la ndalama komanso mndandanda wa mayina limamvedwa mosiyana ndi munthu wofika yekha ndi dandaulo. Inu a beriyo luso losonkha ndi kusunga buku muli nalo kale. Chosiyana ndi nyumba za CABS za ku Budiriro n'chakuti kumeneko nyumba zinamangidwa zathunthu, koma zambiri zinakhala nthawi yaitali zopanda ogula chifukwa chikole ndi kalata ya malipiro zinali zosatheka kwa wogulitsa tomato.

Za bajeti ndinene mwachidule. Chakumapeto kwa chaka khonsolo imachititsa misonkhano m'mawodi, kenako imalengeza mitengo yatsopano m'nyuzipepala. Lamulo la Urban Councils Act limapereka masiku 30 otsutsa, ndipo anthu 30 kapena kuposerapo akalemba kutsutsa, khonsolo iyenera kuikambirananso nkhaniyo isanapite kwa nduna. M'holo muno tapitirira 30.

Mayi awa afunsa za nyumba ya malemu agogo. Nkhani imeneyi ili pafupifupi m'banja lililonse pano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyumba zambiri za lendi za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, koma ambiri anathera pa pangano logulitsana osatenga title deed. Agogo anamwalira, bilu ikubwerabe m'dzina lawo, nthawi zina lolembedwa molakwika, Phiri atasanduka Piri, kapena dzina la pachitupa likusiyana ndi la pa khadi la nyumba. Yambani ndi chitupa chanu. Ngati chikadali ndi chizindikiro cha alien, ndime 43 ya malamulo a 2013 imati wobadwira muno lamuloli lisanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye n'kukhala akukhala muno, ndi nzika yobadwa. Pitani kwa Registrar, ku ofesi ya zitupa, mukasinthe. Kenako lembetsani chuma cha masiye kwa Master of the High Court kapena ku khoti la majisitireti, banja ligwirizane za woyendetsa chumacho. Mukatero pitani ku ofesi ya dera ndi kalata ya imfa, kalata ya ku khoti ndi malisiti. Ngongole ya mareti iyenera kutha dzina lisanasinthidwe, koma mukhoza kupempha kuti muzilipira mwapang'onopang'ono, ndipo pangano limenelo likhale lolembedwa. Mayina akasiyana, mufunika kalata yolumbira pamaso pa commissioner of oaths.

Amene muli pa mndandanda wodikira, khadi lanu limafuna kukonzedwanso chaka chilichonse, mukalumpha mukhoza kutaya malo anu pa mzere. A mlembi ali ndi pepala pa khomo. Lembani dzina, dera, ndi vuto lanu ngati ndi chitupa, chuma cha masiye kapena sitandi ya koparetivu, kuti Loweruka likubwerali tigawane m'magulu atatu, aliyense abwere ndi mapepala ake.