Makalata a Omvera: Kwadi ya mwana wa zaka 5, ndani adzaime pambali pake?

Moni nonse omvera athu, a kuno kumudzi komanso inu amene mumatimvera pa intaneti muli ku Joni, ku Harare, ku Leicester ndi kwina konse kumene munapita kukasaka. Thumba la makalata sabata ino lalemera, ndipo zikuoneka kuti Khirisimasi yayandikira, chifukwa ambiri mukufunsa za mphatso za ana. Chandidabwitsa n'chakuti makalata angapo akukamba chinthu chimodzi: tinjinga tamoto ta matayala anayi tija, timakwadi.

Tiyambe ndi mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akufunsa ngati kagalimoto kapulasitiki koyendera batire ya 12V n'koyenera mwana wa zaka 3. Mayi, ako n'kachidole, liwiro lake silisiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda ndawala. Mugulireni, aziyendetsa pabwalo pathyathyathya geti ili yotseka, ndipo kutchaja batire ikhale ntchito yanu.

Mnyamata wa Fomu 2 ku Zomba akuti amalume ake ali ndi kwadi yaikulu ya pa esiteti, iye ali ndi zaka 14, ndiye ndiwauze amalumewo amubwereke. Mphwanga, wandituma ntchito imene sindigwira. Zikuluzikuluzo opanga ake analemba okha kuti ndi za azaka 16 kupita m'tsogolo. Amalume akowo amakukonda, n'chifukwa chake makiyi amagona nawo m'thumba.

Tsopano tikhale pansi. Kalata iyi yachokera ku South Africa, ndipo ndiiwerenga mmene ilili.

"Ine ndimagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Bethlehem ku Free State, ndipo mayi a kunyumba tili nawo konkuno. Mwana wathu wamwamuna ali ndi zaka 5, amakhala ndi agogo ake ku Ntcheu. Ana a abwana anga amathamangitsa timakwadi pa famu pano, ndipo ndikawaona mtima umandiwawa kuti wanga sanakaonepo n'komwe. Ndapeza ina yakale pang'ono pa Facebook, ya 110cc. Wogulitsa akuti ndi ya ana, ndipo mwana azikula nayo. Ndikufuna nditumize ndi a thiransipoti mwezi wamawa. Ndiyang'ane chiyani kuti ikhale yotetezeka?"

Bambo, kalata yanu yandikhudza. Ndikumva zimene simunalembe: mwana akukula inu kulibe, mano akuguluka inu mukungoonera pa foni, ndiye mukufuna chinthu chachikulu chikafike pakhomo m'malo mwanu, mudzi wonse ukaone kuti atate ake sanamuiwale. Palibe cholakwika ndi mtima umenewo. Ndipo mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama, paja safunsa anadya phula. Koma ndikuyankhani mosapsatira: kwadi imeneyo musagule.

Tiyambe ndi zaka. Makampani odziwika opanga timakwadi ta ana amamata chizindikiro cha zaka pa njingayo, motsata muyezo wa ku America. Kakang'ono kwambiri kamalembedwa Y-6+, kutanthauza zaka 6 kupita m'tsogolo, ndipo kamabwera katamangidwa kuti kasapitirire makilomita 16 pa ola. Ngakhale mutakamasula, malire ake ndi 24. Kenako pali Y-10+ ndi Y-12+, zimene zimabwera zitamangidwa pa 24 koma zikamasulidwa zimatha kufika 48. Pansi pa zaka 6 palibe kalikonse. Kale ankawerengera injini: yosakwana 70cc kwa ana a zaka 6 mpaka 11, ya 70cc mpaka 90cc kwa a zaka 12 mpaka 15, yoposa pamenepo kwa a 16. Onani pamene 110cc yanuyo ikugwera. Ndipo amenewa ndi mawu a ogulitsa, anthu ofuna ndalama zanu. Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics amapitirira apo, amati mwana wosakwana zaka 16 asayendetse kwadi, yaikulu kapena yaing'ono. Ogulitsa akuti 6, madokotala akuti 16. Amene akuti 5 ndi munthu wa pa Facebook yekhayo.

Mawu akuti "azikula nayo" ndi amene andiwawa. Ife tinazolowera kugulira mwana yunifolomu yaikulu, malaya ofika m'mawondo, kuti avale mpaka Sitandade 4. Pa yunifolomu nzeruyo imagwira, mwana amangopinda manja a malaya. Pa njinga ya injini palibe chopinda. Mwana wa zaka 5 amalemera makilogalamu pafupifupi 18 kapena 20. Kakwadi ka ana, kaja kakang'ono, kamalemera kuyambira 80 mpaka kupitirira 100. Kakagubuduka n'kumugwera pachifuwa, mwanayo sangakatukule, ndipo ana ambiri amene amafa pa njingazi amafa motero, atapanikizika pansi pake kapena atamenyetsa mutu.

Anthu amanyengeka ndi matayala anayi, amati siingagwe. Imagwa, bambo. Ndi yaitali m'mwamba, yopapatiza m'mbali, ndipo matayala awiri akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, amazungulira limodzi. Pokhota, njingayo imafuna kupitabe kutsogolo, ndiye woyendetsa ayenera kusuntha thupi lake, kutsamira mkati mwa kona, kupita kutsogolo pokwera chitunda, kubwerera m'mbuyo potsika. N'chifukwa chake mpando wake ndi wautali. Thupi la makilogalamu 20 likatsamira, njingayo siimva n'komwe.

Ndiye pali chopatsira moto. Pa njinga ya kabaza umapotoza chigwiriro, koma pa kwadi umakankha kachitsulo ndi chala chachikulu cha kumanja. Taganizani mwana waona mbuzi yadumphira kutsogolo kwake. Mwana akachita mantha amafinya chimene wagwira. Akafinya chiwongolero, chala chija chimakankha kachitsulo, njinga n'kulumpha kupita kumene iye amaopa. Munthu wamkulu amadziwa kuti pamenepo ndi posiya moto n'kugwira buleki. Mwana wa ku mkaka sanafike poganiza zinthu ziwiri nthawi imodzi mtima ukugunda.

Koma tinene kuti mwadikira, mnyamata wakwanitsa zaka 6 kapena 7, ndipo mtima wanu udakali pomwepo. Pamenepo yang'anani ya 50cc yochokera ku kampani imene ili ndi dzina ndi masipeyala, monga Suzuki LT-Z50, Yamaha YFZ50 kapena Kawasaki KFX50. Pa chopatsira moto pakhale kabawuti kochepetsera liwiro, kamene inu mumamanga kuti chala cha mwana chisakankhe kufika kumapeto. Kumbuyo kukhale kachingwe kozimitsira injini: mwana akuyenda pang'onopang'ono, inu mukumutsatira mutagwira chingwecho, akalakwitsa mumangokoka, injini n'kuzima. Popondera pakhale potsekeka bwino kuti phazi lisatsetserekere ku tayala lakumbuyo. Tcheni ikhale yophimbidwa, ndi paipi ya utsi yomwe, chifukwa imaotcha mwendo mpaka kusenda khungu. Ikakhala yakale, gwirani mabuleki onse, gwedezani matayala muone ngati sakuwayawaya, ndipo mukapeza kabawuti kaja kanachotsedwa, dziwani kuti mwini wake ankaithamangitsa.

Ndipo mwanayo ayenera kuikwera musanalipire. Aimirire pa zopondera, pakati pa mpando ndi thupi lake patsale mpata wokwana chikhatho chanu. Akakhala pansi ntchafu zigone mopingasa, osati miyendo kulendewera. Akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, dzanja lisachoke pa chigwiriro, ndipo zala zifike pa buleki n'kuifinya yekha. Zimenezi simungaziyeze mwana ali ku Ntcheu, njinga ili ku Free State.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ana a abwana anuwo mumawaona akuthamanga, koma onaninso zimene zawazungulira: famu ya mpanda, bwalo lodziwika, chisoti kumutu, ndi munthu wamkulu woidziwa njingayo ali chapafupi. Nanga ku Ntcheu adzaime pambali pa mwana wanu ndani? Agogo? Mukufuna mayi anu, ndi miyendo yawo yowawa ija, azithamanga kumbuyo kwa injini atagwira chingwe? Iwo akangopita kumunda kapena kumaliro, makiyi apezeka, chifukwa ana sasowa makiyi. Ndipo kumudzi chinthu chotere sichikhala cha mwana mmodzi. Adzabwera a kwa azakhali, a kuseri kwa tchalitchi, atatu pampando, wina ataima kumbuyo. Ntcheu ndi dziko la zitunda ndi zigwembe zokumbika ndi mvula. Tsiku limene mwana wa eni adzathyoke khosi pa njinga imene munatumiza inu, mlandu udzagwera gogo uja, inu muli kutali makilomita oposa 1,000.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Chaka chino mutumizireni njinga yakapalasa ya msinkhu wake, ndi kachisoti kake. Aphunzire kuwongolera, kugwira buleki, kuyang'ana kumene akupita. Ndalama yotsalayo isungeni ikhale ya basi, mubwere mudzamugwirire chishalo nokha pamene akuphunzira. Kwadi ikadzakhalapo, idzakhale kumene inu muli, ndipo makiyi azidzakhala m'thumba mwanu. Mutilemberenso, bambo, tidzamve kuti mwagwirizana zotani ndi mayi a kunyumba.

Tipitirize. Bambo wa ku Chipata akuti apeza Honda yakale ya matayala atatu pa mtengo wozizira. Isiyeni pomwepo. Ku America makampani anagwirizana ndi boma mu 1988 kuti asiye kugulitsa zatsopano za matayala atatu chifukwa zinkagubuduka ndi kupha anthu ambiri. Si ya mwana, ndipo ngakhale inu sindikukulimbikitsani.

Mayi wina amene amagwira ntchito pa famu ku England akuti mwana wawo wa zaka 11 amafuna kuthandiza kunyamula chakudya cha nkhosa pa kwadi. Mayi, kumeneko ndi mlandu: lamulo la ku Britain sililola mwana wosakwana zaka 13 kuyendetsa kwadi pa ntchito za pa famu. Anyamule ndowa.

Amayi a mapasa ku Blantyre akufunsa ngati angagule imodzi kuti awiriwo azikwerera limodzi, poti amalira akasiyanitsidwa. Alire, mayi, misozi imauma. Kwadi ya ana ndi ya munthu mmodzi, ndipo wachiwiri akakhala kumbuyo amatsekereza woyendetsa kusuntha thupi. Azisinthana, inu mukhale woimba wezulo.

Wina sanalembe kumene ali, akuti kwawo kulibe bwalo, ndiye mwana aziyendetsa mu msewu wa tala wa m'dera lawo poti magalimoto ndi ochepa. Ayi. Matayala a kwadi ndi ofewa, a mpweya wochepa, anapangidwira dothi kumene amatha kutsetsereka pang'ono pokhota. Pa tala amamatirira, njinga n'kutembenuzika. Ngati mulibe malo a dothi athyathyathya, otalikirana ndi msewu, madzi ndi maenje, ndiye kuti mulibe malo a kwadi.

Omvera anga, mundilole ndidandaule pang'ono. Pa makalata onsewa, amene afunsa za chisoti ndi mmodzi yekha, ndipo funso lake n'lakuti kodi mwana angavale cha atate ake. Sangavale. Chisoti chachikulu chimazungulira pamutu, chimaphimba maso, ndipo pa ngozi chimavuka mutu usanafike pansi. Chikhale cha njinga yamoto, cha msinkhu wa mwanayo, chophimba ndi chibwano chomwe, chokhala ndi chizindikiro cha muyezo monga ECE kapena DOT, lamba womangidwa moti pansi pa chibwano pangolowa zala ziwiri. Chisoti chimene chinamenyekapo kale chatha ntchito ngakhale kunja chikuwala. Onjezani magalasi otchinga fumbi, magolovesi, buluku lalitali, ndi nsapato zophimba akakolo, osati patapata.

Koma kodi ndidabwe chifukwa chiyani? Tulukani m'mawa muone mmene timatumizira ana ku sukulu pa kabaza. Kamwana kakhala pa thanki, ena awiri kumbuyo, chikwama chili lendelende pafupi ndi sipoko, chisoti chili kumutu kwa woyendetsa yekha, mwinanso chapachikidwa pa chiwongolero. Ife makolo taima pa geti tikubayibitsa. Timasankha sukulu mosamala, timafunsa za aphunzitsi, timalipira fizi movutikira, koma mutu umene ukupita kukaphunzirawo timaupereka mu msewu uli pamtunda. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta ndipo minibasi siifika paliponse. Komabe kholo limene likutha kuganiza zogula kwadi silingandiuze kuti lasowa ya chisoti. Gulani chisoti choyamba, njinga ibwere pambuyo.

Kalata yotsiriza yachokera kwa agogo a ku Salima. Akuti adzukulu akubwera kutchuthi ndipo akufuna kukakwera makwadi obwereketsa kunyanja, ndiye awalole? Agogo, pitani nawo. Muone chizindikiro cha zaka pa njingayo ndi maso anu, mufunse ngati pali zisoti za ana, ndipo mufunsenso amene aziwatsogolera. Akakuuzani kuti mwana angokhala kutsogolo kwa mkulu wake, kapena kuti chisoti n'chosafunika poti pansi ndi mchenga, agwireni dzanja adzukuluwo mukawagulire chambo. Nthawi yatithera, makalata a za njinga zakapalasa za ana ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.