Thadzi Langa Lasiya Kudya: Makalata a Omvera

Mwaswera bwanji omvera athu nonse, inu a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, a ku Mabvuku ndi Tafara, osaiwala abale athu a ku Epworth ndi Chitungwiza. Yakwana nthawi ya makalata anu. Sabata ino ambiri mwalemba za nkhuku zodwala, ndipo n'zosadabwitsa. Tili mu Julaye, usiku muno mu Harare kukuzizira mpaka madigiri 7, masiku ena kutsika kuposa apo, ndipo nkhuku yofooka kale sichedwa kugonja. Tiyambe ndi Anaphiri a ku Mufakose. Iwo akuti:

"Zikomo achimwene. Ndili ndi nkhuku zachikuda 6 kuseri kwa nyumba. Thadzi langa lalikulu, limene limaikira mazira oti ana adyere popita kusukulu, lasiya kudya. Langoti zyoli pakona ya khola, nthenga zili nyankhalala, maso otsinzina. Ndikawaza chimanga zinzake zimalimbirana, ilo osasuntha, ndipo zayamba kulijompha pamutu. Ndinalitsegula kukamwa n'kulithira madzi a gavakava (chomera chija cha aloe) ndi tsabola monga ankachitira malemu mayi anga, koma linatsamwa. Ndilipatse chiyani?"

Pepani Anaphiri, thadzi loikira ndiye ndiwo za ana, nkhawa yanu ndikuimva. Mwafunsa zoti mulipatse, koma ine ndiyamba ndi pogona pake. Lichotseni m'kholamo pompano, pulogalamu ino isanathe. Nkhuku zilibe chisoni ndi inzake yofooka, zikangoona timagazi pamutu zimajompha mpaka kupha, ndipo ngati nthendayo ndi yopatsirana, chomwera chimodzi chimwetsa khola lonse. Pezani katoni kapena dengu, yalanimo udzu wouma kapena nyuzipepala, muike m'nyumba pakona popanda mphepo, kutali ndi pamene mumaphikira ndi pamene ana amasewera.

Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, ndipo kutentha kumeneko kumachokera ku chakudya. Imene yasiya kudya ili ngati moto wosasonkhezera, n'chifukwa chake yaimika nthenga chonchi. Thirani madzi otentha m'botolo, mulikulunge ndi kansalu, muliike pambali pake, koma musiye malo oti lisunthirepo likamva kutentha. Mbaula m'chipinda chotseka ayi, chonde. Mpweya wa makala upha nkhuku, uphanso eni nyumba.

Chachiwiri ndi madzi, chakudya chibwera pambuyo. Njala nkhuku imapirira masiku angapo, koma ludzu limaimaliza msanga, makamaka ikakhala kuti ikutsegula m'mimba. Thadzi labwinobwino limamwa pafupifupi kapu imodzi patsiku, mamililita 250, kukatentha kuposa apo. Sungunulani supuni imodzi ya shuga mu lita imodzi ya madzi ofunda pang'ono. Akhale madzi oti inuyo mungamwe. Ngati a pachitsime panu mumawiritsa pomwetsa ana, wiritsaninso a thadzili. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka timapaketi ta mavitamini tosungunula m'madzi, tija amati stress pack. Ngati m'thumba muli kangachepe, gulani kamodzi mutsate muyezo wolembedwa pamenepo.

Tsono zotsegula kukamwa n'kuthira zija musadzabwerezenso. Kuseri kwa lilime la nkhuku kuli kabowo kopita kumapapo, ndipo madzi akalowa mmenemo, nkhuku imene ikanachira imafa m'manja mwanu. Kutsamwa munaona kuja kunali komweko. Viikani nsonga ya mlomo wake m'kambale ka madzi, mudikire lidzutse mutu limeze lokha. Likakana, tengani sirinji yopanda jakisoni, kapena chala chomwechi, muzidontheza dontho limodzilimodzi m'mbali mwa mlomo. Ntchitoyi imafuna mtima wodekha, ndipo muzibwereza pakapita ola limodzi kapena awiri mpaka liyambe kumwa lokha.

Likayamba kumwa, liyeseni chakudya chofewa. Chimanga chosakonola n'cholimba kwa nkhuku yodwala. Phikani phala la mgaiwa lopanda mchere, lizizire, musakanizemo dzira lowiritsa lonyenyanyenya. Ndikudziwa kuti wina aseka, ati kudyetsa nkhuku dzira? Dyetsani, mulibe chakudya china m'nyumbamo chobwezera mphamvu msanga chotere. Ngati muli ndi layers mash, chakudya chogula cha nkhuku zoikira mazira, inyowetseni ndi madzi ofunda. Kapenta wosinja ndi wabwino, koma muyambe mwamuviika kuti mchere uchoke, pakuti mchere wambiri ndi poizoni kwa nkhuku. Pachifukwa chomwecho, makombo a nsima osakanizika ndi msuzi wa ndiwo asapite kumeneko. Chiswe chikapezeka, nthawi zambiri n'chimene chimadzutsa mudyo wa nkhuku yokana kudya. Madeya ochita chuku tayani, ngakhale zabwinobwino zomwe musazipatse. Muziika pang'ono, kangapo patsiku, zotsala muzichotsa zisanasase.

Mawa m'mamawa, lisanadye kanthu, ligwireni pachithokomiro, kathumba kaja ka m'munsi mwa khosi chakumanja. Nkhuku ikagona, chithokomiro chimayenera kucha chili chopanda kanthu. Mukachipeza cholimba, ndiye kuti chakudya chatsekeka, kawirikawiri chifukwa cha udzu wautali kapena timapepala tapulasitiki. Mukachipeza chofufuma ndi madzi, m'kamwa mukutuluka fungo losasa, siyani kaye chakudya kwa tsiku limodzi, lizingomwa, ndipo musalizondotse kuti lisanze. Ligwireninso pafupa la pachifuwa: ngati lathwa, thadzili layamba kale kudwala, mwina ndi njoka zam'mimba, ndipo mankhwala ake alipo m'masitolo omwe aja. Nyuzipepala yoyala ija ikuonetsani chitosi. Cha magazi chimaloza ku koksidiyosisi, nthenda ya m'matumbo imene imakonda khola lonyowa. Chobiriwira chamadzimadzi, mvetserani kalata yotsatirayi.

Za gavakava ndi tsabola, sindinyoza zimene makolo anatisiyira, ndipo mayi anu analera nazo nkhuku zambiri. Komabe utomoni wowawa wa gavakava umatsegula m'mimba, ndiye nkhuku youma kale m'thupi mukuionjezera vuto. Tsabola nkhuku siimva n'komwe kuwawa kwake. Ambiri amene amati nkhuku yawo inachira ndi zimenezi, mukawafunsitsa mupeza kuti anaipatulanso, kuifunditsa ndi kuimwetsa madzi. Pakatha masiku awiri popanda kusintha, kaonaneni ndi a zaziweto, chitosi chija mutachijambula pafoni.

Kalata yachiwiri ndi ya a Banda a ku Epworth:

"Ndinagula misoti iwiri pamsika n'kuiponya m'khola. Sabata isanathe nkhuku zinayamba kufa. Zikupuma moyasama, chitosi chobiriwira, ina khosi lapotoka ikungozungulira. Pa nkhuku 14 zatsala 5. Ndatsegula makapisolo otsala a ana n'kuthira m'madzi, sizikusintha. Ndionjezere angati? Nanga zotsalazi ndizinge tidye kapena ndigulitse?"

A Banda, kalata yanu yandimvetsa chisoni, ndipo sindikubisirani. Zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi chitopa. Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndipo palibe kapisolo, wa anthu kapena wa nkhuku, amene amapha vairasi ameneyu. Musaonjezere ngakhale mmodzi. Mankhwala a anthu m'madzi a nkhuku amatsalira m'nyama ndi m'mazira, ndipo amazoloweretsa tizilombo kuti tsiku lina mwana akadwala, mankhwala omwewo asagwire ntchito.

Kugulitsa ayi. Mavuto amene mwagula inu pamsika, mukufuna mukawagulitse kwa mayi wina amene akudalira nkhuku zake pa fizi ya mwana? Kuzinga kuti mudye ndikukanizaninso. Nthenga, matumbo ndi madzi ososolera ndi zimene zimafalitsa nthendayi kwa oyandikana nawo, agalu akamakoka zotayazo. Palinso china: ndi maso okha simungasiyanitse chitopa ndi chimfine cha mbalame, ndipo mukumbukira kuti mu 2017 chimfine cha mtundu wa H5N8 chinagwa pa famu ina yaikulu kufupi ndi Harare, nkhuku zambirimbiri zinaphedwa. Matenda awiri onsewa lamulo la dziko lino limati azinenedwa ku Dipatimenti ya Veterinary Services, nthambi ya boma yoona za ziweto. Kanenani ku ofesi yawo imene muli nayo pafupi. Oyeza ali ku Central Veterinary Laboratory pamsewu wa Borrowdale. Zakufa zikwirireni m'dzenje lakuya kapena muzitenthe, mutavala mapepala apulasitiki m'manja, kenako musambe ndi sopo, pakuti chitopa chimatha kufiiritsa maso a munthu.

Zisanu zotsalazo zisamaleni monga ndauzira Anaphiri, zodwala pazokha, zooneka bwino pazokha. Zina mwa zachikuda zimapulumuka zikamamwa ndi kudya. Ya khosi lopotoka ija siitha kulunjika chakudya, ndipo ngati ikungovutika, kuipha mwachangu n'kuikwirira ndi chifundo, si nkhanza.

Kwa nonse amene nkhuku zanu zikadali bwino, katemera wa chitopa alipo. Uja wa I-2, amene ambiri munamuona kumudzi ku Malawi, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala, miyezi 4 iliyonse. Palinso wa La Sota, amene amafuna kusungidwa pozizira kuchokera kusitolo mpaka kukhola. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri, ndiye sonkhanani anthu a mzere umodzi wa nyumba mutemere tsiku limodzi. Katemera ndi wa nkhuku zathanzi, yodwala saichiza. Ndipo nkhuku yachilendo, kaya yogula kaya yamphatso yochokera kwa apongozi, izikhala payokha masabata awiri kapena atatu isanalowe m'khola.

Iyi yandisangalatsa, yalembedwa ndi mtsikana wa Fomu 2 wa ku Dzivarasekwa:

"Malume, nkhuku ya agogo ikuyenda chowongoka, mchira uli pansi. Ikulowa m'chisa n'kutuluka popanda dzira, ndipo ikuchita ngati ikukankha. Timaipatsa makombo a nsima ndi madeya. Agogo akudandaula kwambiri."

Zikomo mwanawe powalembera agogo, ndipo waonetsetsa bwino zedi. Zikuoneka kuti dzira lakanirira m'njira. Uigwire mofatsa kumunsi kwa mimba, pakati pa miyendo ndi potulukira dzira; ukamva chinthu cholimba chobulungira, ndi lomwelo. Usafinye, dzira likaswekera m'kati nkhukuyo ili pangozi yaikulu. Thira madzi ofunda m'beseni, oti chigongono chako chipirire, uikhazikemo kumunsi kokha kwa mphindi 15 kapena 20. Uipukute iume ndithu, chifukwa kunja kukuzizira, upake mafuta ophikira pang'ono potulukira dzira, kenako uiike m'katoni pamdima, madzi akumwa ali pafupi. Ukhoza kubwereza pakapita maola angapo. Likapanda kutuluka pofika mawa, wamkulu aitengere kwa a zaziweto, vutoli silidikira.

Gwero lake likhoza kukhala chakudya. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu 2 a kashiyamu, ndipo minofu yokankha dzira imafunanso kashiyamu yemweyo. M'nsima ndi m'madeya mulibe wokwanira. Uwauze agogo kuti zigoba za mazira asamataye: aziumitse pamoto, azisinje zikhale tizidutswa ting'onoting'ono kuti nkhuku isazizindikire n'kuyamba kudya mazira ake, aziike m'kambale pazokha. Lero lomwe usakanizeko pang'ono m'phala uipatse. Akakwanitsa kugula layers mash, thadzi limodzi limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku.

Nthawi yatitherapo, koma ndisasiye a Mwale a ku Mabvuku, amene akuti thadzi lawo lofungatira layezuka kumaso, laonda, ndipo kuzungulira maso kwamamatira tizilombo takuda tosasuntha.

Umenewo ndi utitiri, a Mwale, ndipo ukuliyamwa magazi. Pakani Vaseline pamene tamamatirapo, mosamala kuti asalowe m'diso, tsiku ndi tsiku mpaka tiyoyoke. Palafini kumaso kwa nkhuku ayi, amawotcha khungu. Mazira a utitiri amagwera pansi, ndiye udzu wa m'chisa ndi zinyalala za m'khola sesani mutenthe, muyale watsopano mutawaza mankhwala a ufa ophera tizilombo ta nkhuku. Panja muike beseni la phulusa losakaniza ndi mchenga wouma kuti nkhuku zizisambamo. Thadzi lofungatira limadya kamodzi kokha patsiku, choncho madzi ndi phala la dzira lija muike pafupi ndi chisa, lisamayende mtunda.

Pitirizani kulemba, ndipo polemba za chiweto chodwala muzinena msinkhu wake, chimene chimadya, mtundu wa chitosi ndi tsiku limene chinayamba. Tsalani bwino, tikumana sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.