Misewu yofunda nthawi yachisanu

Zikomo apampando. Amayi ndi abambo, sindikuchedwetsani.

Sabata yatha mayi wina wa gulu lathu lino anaterereka pa ayezi akupita kuntchito m'mamawa, n'kuthyoka dzanja. Nditapita kukawazonda anandifunsa kuti, "Kodi mayiko olemera chonchi alephera kupeza njira yoti msewu usamaundane?" Njira ilipo, ndipo ndi imene ndikufuna tikambirane.

Kuno ku Scotland mumawaona magalimoto a khonsolo akumwaza mchere usiku. Mchere umathandiza, koma kukazizira kupitirira madigiri 10 kunsi kwa ziro umayamba kufooka. Umachititsanso dzimbiri magalimoto ndi zitsulo za milatho, kenako n'kukokolokera m'mitsinje.

Tsono ku Iceland amachita zina. Amene mumachokera ku Rumphi mukudziwa akasupe otentha a ku Chiweta. Madzi ngati amenewo ku Iceland ndi ochuluka zedi, moti nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zimafunditsidwa ndi kutentha kochokera pansi pa nthaka. Madzi amalowa m'nyumba ali pa madigiri pafupifupi 80, n'kutuluka atatsika kufika cha m'ma 35. Mvetserani bwino apa. Madzi a madigiri 35 aja ntchito yawo m'nyumba yatha, koma kwa chipale chofewa akadali moto. Ndiye mumzinda wa Reykjavik, likulu la dzikolo, amawadutsitsa m'mapaipi apulasitiki oyalidwa mokhotakhota kunsi kwa misewu ina yapakati pa tauni ndi njira za anthu oyenda pansi. Chipale chikagwa chimasungunuka pompo, gogo n'kumayenda osaopa kugwa.

Mwina wina anganene kuti awo ali ndi mwayi wa akasupe. Tauni ya Holland, m'boma la Michigan ku America, ilibe akasupe otere. Mu 1988 anayamba kutenga madzi ofunda ochokera pamalo opangira magetsi, omwe kale ankangotayidwa, n'kuwalowetsa kunsi kwa misewu ya pamalo amalonda. Mpaka lero akuwonjezerabe mapaipi.

Ku Nagaoka, ku Japan, kuyambira 1961 amapopa madzi a pansi pa nthaka n'kumawawaza pamsewu. Chipale chimasungunuka ndithu, koma m'madera ena kupopa kwambiri kunachititsa kuti nthaka iyambe kutitimira.

Nanga bwanji sachita zimenezi paliponse? Ndalama, abale anga. Uyenera kukumba msewu wonse kuti uyale mapaipi, ndipo ngati kutenthako ukuchita kugula ndi magetsi kapena gasi, bilu yake njoopsa. N'chifukwa chake ine sindingapemphe kuti afunditse msewu waukulu wa M8. Chimene chimandipweteka mtima ndi masitepe a chipatala, pakhomo la sukulu, pamalo okwerera basi, timalo ting'onoting'ono pamene anthu amathyokera mafupa chaka ndi chaka, pomwe nyumba yoyandikana nayo ikutayira mpweya wotentha kunja.

Khonsolo ikamafunsa maganizo a anthu okhala m'dera lino, tiyeni tikatchule malo amenewa. Amene muli ndi mafunso, kwezani manja.